Mabotolo a anamwino ndinawadzaza ndekha

Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Kwathu kuno zinatembenuka. Nkhuyu ndinadya ndine nkhalamba ya imvi, koma amene zikumupota mpaka lero ndi mwana wanga. Ndinanamiza kafukufuku wa anamwino, ndipo bodza langalo linapasula banja la mwana wanga wamkazi n'kumusiyira dzina loipa. Ndanena poyambirira pomwe kuti musavutike n'kufunafuna wolakwa. Inu owerenga, ndikudziwa kuti penapake museka. Sekani, ndinazolowera. Koma mukafika kumapeto mudzifunse ngati manowo anayenera kukhala pamtunda.

Ine ndine munthu wa kuchigwa, kumunsi kwa Golomoti, kumene madzi akalowa m'minda ya mpunga amakhala ngati abwera kudzakwatira. Sukulu ndinalekera Sitandade 4, osati chifukwa cha umbuli ayi, koma ine ndi aphunzitsi sitinkagwirizana kuti woyankhula m'kalasi akhale ndani. Kuchokera pamenepo khasu langa lenileni lakhala pakamwa. Pamaliro amanditumiza kumanda kuti adzukulu asamve kulemera kwa dothi. Paukwati mowa umandipeza ndisanaufunse. Mudzi umene ndikukhala ndi wa malemu mkazi wanga. Ndinabwera ngati mkamwini mano ali onse, ndipo mayiwo atatisiya abale awo sanandipirikitse. Ati mudzi ungazizire.

Mzime wanga ndi Felista. Mwana ameneyu wakulira m'madzi. Kuyambira ali kamtsikana, kuwokera mpunga, kupalira, kuchapa, zonse madzi ali m'mawondo. Anakwatiwa ndi Damiyano, mnyamata wokonza njinga wa ku Mtakataka, amene anamanga nyumba kuseri kwa yanga. Sindinganame, anali mkamwini wabwino. Njinga yanga inkayenda ngati yatsopano.

Mavuto anayamba Felista atayamba kudandaula m'chinena ndi kutaya magazi nthawi yosakhala yake. Zinazo bambo sayenera kuzidziwa, koma mpanda wa udzu sudziwa kusunga chinsinsi. Akapita kuchipatala chathu chaching'ono, ankamupatsa mankhwala a matenda opatsirana pogonana, n'kumuuza kuti abwere ndi mwamuna wake. Damiyano ankapita, kubayidwa jakisoni, kubwerera akutsimphina. Pakapita miyezi, zomwezo. Pakhomo mwana panalibe. Tsiku lina ndinamumva mkamwini wangayo akufunsa mokweza kuti, “Ine palibe chikundiwawa. Nanga matendawa akulowera khomo liti?” Funso limeneli linatuluka m'nyumba, linafika pamjigo, ndipo amayi a pamjigo analiyankha okha. Mwana wanga akamadutsa, zidebe zinkasiya kulira.

M'nyengo imeneyo ndi pamene kunabwera anamwino aja. Anali mayi wamfupi wa magalasi, wogwira ntchito pachipatala chathu chomwecho, koma ankawonjezeranso sukulu. Ine ndinawapatsa dzina loti aNamabotolo, ndipo linagwira tsiku lomwelo. Anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango n'kutiuza chimene chinkawasowetsa mtendere. Anati amayi ambiri a m'midzi ya mpunga akubwerabwera ndi dandaulo limodzi, akupatsidwa mankhwala a matenda opatsirana, koma osachira. Iwo ankaganiza kuti mwina ndi likodzo. Ife likodzo tinkalidziwa ngati matenda a anyamata osambira m'madambo, okodza magazi n'kumanyadirana. Iwo anati ayi, mazira a tizilombo take amathanso kukhazikika m'njira ya amayi n'kumaoneka ngati matenda ena aja. Kenaka ananena mawu amene ndinawaseka tsiku limenelo: “Koma kuganiza si kudziwa. Ndikufuna ndidziwe.”

Njira yawo inandiseketsanso. Sanasankhe odwala, sanasankhe abale a odziwika. Nyumba iliyonse anaipatsa nambala, manambalawo anawaponya m'chipewa, ndipo chipewacho chinali changa. Ndinawafunsa kuti kodi sukulu yonseyi mwaphunzira kuchita maere? Anandiyankha osakwiya kuti munthu wogula thumba la chimanga satapa pamwamba pokha pamene mwini wake wamulozera, amapisa dzanja paliponse kuti aone ngati muli anankafumbwe. Nyumba ya Felista inatuluka nawo m'chipewamo. Mayi aliyense wotuluka pamaere anayenera kuthira mkodzo wake m'kabotolo dzuwa lili paliwombo, chifukwa ati ndi nthawi imene mazirawo amatuluka ambiri. Pabotolo panalibe dzina, nambala basi. Ndipo anabwereza, n'kubwerezanso, kuti wosafuna anene, palibe mlandu, kuchipatala adzalandiridwa monga kale.

Wosafuna anene! Inu owerenga, kodi munatiwona ife tikukana mlendo pamaso? Amayi onse anawomba m'manja. Ena mpaka nthungululu. Khalidwe limeneli ndi limene likundiwiritsa magazi ndikamalemba pano. Timalitcha ulemu, koma ndi mantha ovala chitenje chatsopano. Mlendo timamuvomera ndi mano onse, akangotembenuka n'kuyamba kumutafuna.

Fumbi la anamwino lisanakhazikike, kunyumba kwanga kunafika alamu anga aNaphiri, mng'ono wa malemu mkazi wanga, atatsogolera gulu. Ati mkodzo wa munthu wamayi sungapite m'manja mwa alendo, angakautemere mankhwala n'kutseka mudzi wonse kuti usaberekenso. Wina anati nanga apongozi akandiona ndanyamula zimenezo ndidzayang'ana kuti. Ndinawafunsa kuti bwanji simunakane pamene munauzidwa kuti kanani? ANaphiri anati, “Aa, alamu, munthu wabwino ngati uja n'kumuchititsa manyazi? Inu ndinu a nzeru zokhotakhota, tiwomboleni.” Munthu wamutu akanawabweza. Koma ine kungomva kuti nzeru, chifuwa chinakula. Ndinati vuto ndi mkodzo basi? Chinthu chimene ine ndimataya chaulere tsiku ndi tsiku? Anaseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo ine ndikamva anthu akuseka ndimaledzera kuposa ndi kachasu.

Apa ndiwadzudzulenso pang'ono aNamabotolo, ngakhale ndilibe nkhope yowadzudzulira. Tsiku lotolera litafika, anali ndi midzi ina yoti afikeko dzuwa lisanapendeke. Mlangizi wa zaumoyo amene ankawathandiza anali atapita kumaliro ku Mua. Amayi anali atawadandaulira kale kuti kupereka botolo poyera n'zochititsa manyazi. Ndiye chifukwa cha chifundo, anasiya mabotolo m'mawa kuti aliyense akadzazire kwawo, ndipo bokosi lozizira lonyamulira anasiyira ine kuti ndikalipereke kuchipatala, poti ndili ndi njinga komanso manambala ndimawerenga. Munthu wophunzira chotero n'kusiya mbuzi m'manja mwa fisi, chifukwa choti fisiyo anabwereketsa chipewa!

Tsiku limenelo ndinagwira ntchito, abale. Kuyambira m'mawa thobwa, madzi, thobwa. Alamu anga ankabweretsa chikho ichi chisanathe icho. Chikhodzodzo cha nkhalamba sichichedwa kuyankha. Ndinkalowa kubafa ndi kachidebe, n'kumagawira m'mabotolo ngati wogulitsa mafuta ophikira pamsika. Ena ndinkathiramo timadzi kuti asafanane kwambiri ngati ana a bambo mmodzi. Kunja kwa mpanda amayi ankangofa nako kuseka. Chimene sindinaganize n'chakuti ine m'madzi a mpunga ndinasiya kalekale kulowamo chifukwa cha nyamakazi, ndipo mankhwala a likodzo ndinamwapo nthawi ina atabwera ogawa. M'mudzi monse, munthu wopanda likodzo weniweni mwina ndinali ine. Ndiye ndi amene ndinayankhira mudzi wonse.

Felista sanali nawo m'chiwembuchi. Mayi ake aang'onowo atamunong'oneza, anawauza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, iye botolo lake adzaza yekha. Anali atagwirizana ndi mwamuna wake, ndipo izi ndinkazidziwa. Damiyano anati anamwino akakapeza likodzo iye adzagwada pamaso pa anthu n'kupepesa, koma akakapanda kulipeza alongedza zake. Ndikumanga bokosi panjinga, mwana wanga anabwera botolo atalikulunga kunsonga ya chitenje, nkhope atayang'ana kumbali chifukwa cha manyazi. Analiika yekha m'bokosi n'kunena motsitsa mawu kuti, “Ababa, muyende bwino. M'menemu muli banja langa.”

Mawu amenewo ndinawamva ndi makutu awa. Sindinganene kuti sindinadziwe.

Nditadutsa njanji ndinaima pamthunzi kuti ndione ngati zitsekerero zili zolimba. Nditatsegula, botolo la Felista linandiyang'ana. Onse aja anali oyera mbee, lake lokha linali lofiirira ngati madzi otsukira nyama. Ndinaganiza kuti magazi amenewa ndi umboni wa matenda a manyazi aja, ndipo anthu adzati mudzi wonse uli bwino, wowola ndi mwana wa uje yekha. Chimenecho ndi chifukwa chimene ndakhala ndikudziuza. Koma panali china, ndipo lero ndichinena. Ndinaona kuti botolo limodzi losiyana ndi anzake lingapangitse anamwino kudabwa ndi enawo, n'kuyamba kufunsa, bodza langa n'kuululika. Ndinaopa kugwidwa. Ndinakhuthula botolo la mwana wanga patsinde pa mtengo, kulitsukuluza ndi madzi anga akumwa, n'kulidzaza ndekha. Thobwa linali likadalipo m'thupi. Ndinakwera njinga ndikuimba mluzu, ndikudziona ngati bambo amene wabisa maliseche a mwana wake. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Patapita masiku anamwino anabwera kudzauza aliyense payekha zimene anapeza. Kwa Felista anati mazira sanaoneke. Anawonjeza kuti kuyeza kamodzi sikumaliza nkhani, abwerenso kuchipatala adzamuone bwino. Koma Damiyano anamva mbali yoyamba yokha, ndipo mumudzudzule bwanji? Anali atauzidwa kuti makina oyezera mkodzo sanama. Felista naye kuchipatalako sanapitenso, ati akapitenso kukatani, akam'patsenso jakisoni wa mahule?

Ankhoswe anakhala pansi pakhonde pa malume ake a Felista. Ine ndinalipo. Mwambo wathu umati pankhani ya banja woyankhula ndi malume, bambo ndi mlendo. Moyo wanga wonse mwambo umenewu sunanditsekepo pakamwa. Ndayankhulapo pamilandu ya anthu osawadziwa n'komwe. Koma tsiku limenelo ndinaukumbatira mwambowo ngati bulangete la mu Juni. Mwana wanga analumbira, analira, anatchula mayi ake ali kumanda kuti sanayendepo ndi mwamuna wina. Ankhoswe a kuchimuna anangoti chipatala chayankha kale. Mawu ochepa chabe ochokera kwa ine akanatembenuza zonse. Ndinakhala duu, ndikukanda pansi ndi kamtengo. Madzulo ake Damiyano anamanga masipanala ndi pampu pakaliyala, n'kuloza ku Mtakataka.

Mukuganiza kuti pamenepo ndinalapa? Ha! Simukundidziwa. Ndinadziuza kuti mwina mwanayo analidi ndi zakezake, kuti botolo lija likanangoonjezera manyazi. Munthu akafuna kugona tulo amadziyalira bodza lililonse.

Amene sanagone tulo ndi aNamabotolo. Ndinamva pambuyo pake kuti zotsatira za mudzi wathu zinawakhala pakhosi. Midzi ya kumtunda, kumene amayi amatunga pamjigo ndipo m'dambo amalowamo mwa apo ndi apo, likodzo linapezekako. Mudzi wathu, umene nkhono zofalitsa likodzo zimachita kukwera pakhonde, unatuluka woyera ngati guwa la tchalitchi. Anzawo ena ankawauza kuti lembani zimene mwapeza, mumalize sukulu, nanga makina ndi anu? Iwo anakana. Anati chinthu chikayera mopitirira chimafunika kuchinunkhiza. Ankafuna kubwereranso, koma mvula inali itayamba, mtsinje unadzaza, msewu wathu unasanduka phala, ndipo miyezi inapita.

Chimene chinawathandiza ndi pakamwa panga pomwepa. Nkhani yokoma chotere ine n'kuisunga? Inkandiyabwa ngati chitedze. Tsiku lina pabawo, wina atadandaula za matenda, ndinati inu musadandaule, mudzi uno boma likuudziwa kuti ndi wathanzi chifukwa cha chikhodzodzo changa. Ndinaifotokoza yonse, ya thobwa, ya kachidebe, kusiyako ya Felista yokha. Anthu anagubuduka. Mawa lake anandiitanitsa kuti ndiibwereze. Nkhani inakwera minibasi, inatsika pamsika, inalowa m'chipatala pamzere wa sikelo ya ana.

Madzi ataphwa anamwino anafika pakhomo panga masana, nsapato zili matope okhaokha. Felista anali chapafupi akupeta mpunga. Ndinayamba zanga zija, kuti takulandirani aNamabotolo, kodi mwabweretsa ena ndidzaze? Sanaseke. Anakhala pakhonde n'kuvula magalasi. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anati, “Agogo, amayi aja akanakana, ndikanalemba kuti anakana, ndipo chimenecho chikanakhala choona. Pamene sindikudziwa ndimadziwa kuti sindikudziwa. Koma inu munandipatsa bodza, ine n'kulinyamula ndi manja anga kukapereka kwa anthu odwala ngati yankho.” Kenaka anafunsa kuti mwa mabotolo onse aja, enieni anali ati. Ndinati panalibe. Anayang'ana kumene kunali mwana wanga, n'kundiyang'ananso. “Nanga la Felista? Iye anandiuza kuti anadzaza yekha.”

Inu owerenga, ndayankhulapo pamaso pa anthu mazanamazana osachita chibwibwi. Tsiku limenelo ndinachita chibwibwi. Ndinanena. Ndinanena za njanji, za mtengo, za mtundu wa botolo lija. Ndinkayembekeza kuti lichero ligwa, kuti mwana alira, anditukwana. Ayi. Anapitiriza kupeta. Mankhusu anali atatha kalekale, koma anangopetabe, kupetabe, osatembenuka.

Anamwino aja anachita chinthu chimene ine chinandilaka. Anasonkhanitsanso mudzi pansi pa mango paja n'kuvomera kulakwa kwawo poyera, kuti sanayenere kulola mabotolo kuchoka pamaso pawo, ndiponso kuti anafulumira kukhulupirira kuwomba m'manja m'malo mokhala pansi ndi amayi paokha kuti amve mantha awo. Zonse za mudzi wathu anazitaya, anakauza aphunzitsi awo chifukwa chake, ndipo sukulu yawo inachedwa kutha chifukwa cha thobwa langa. Anayambiranso. Ulendo uno anamangitsa kampanda ka udzu kuseri kwa tchalitchi, pakhomo pake n'kuimikapo mayi mnzawo wa kuchipatala. Munthu ankalowa ndi botolo lopanda kanthu n'kutuluka nalo yekha. Anabweretsanso makina oonera tinthu ting'onoting'ono aja kuti wofuna asuzumiremo aone mazirawo ndi maso ake, ndi kuonanso kuti zotsalazo zikutayidwa m'chimbudzi, osati kupita kwa asing'anga. Ena anakana poyera, aNaphiri patsogolo. Kodi anamangidwa? Kodi kumwamba kunagwa? Anamwino anangowauza kuti zikomo, pitani bwino. Chinthu chophweka chotero, chimene chikanachitika tsiku loyamba lija!

Mwa amene anayezedwa, ambiri anapezeka nalo likodzo. Amayi amene ankaseka kunja kwa bafa langa, ena mwa iwo anali akudwala mwakachetechete zomwe ankamunena nazo Felista pamjigo. Botolo la mwana wanga, anamwino anati mazira ake sanachite kufunafuna. Anamupatsa mapiritsi, anamwa atadya, tsiku limodzi lokha. Tsiku limodzi, abale! Magazi anasiya, kupweteka kunachepa. Koma atamutumiza kuchipatala chachikulu anamuuza kuti matendawa anakhalitsa, anasiya zipsera m'kati, ndipo za mwana sangalonjeze. Sindikudziwa kuti miyezi imene ndinamubera ija inaonjezapo zingati. Palibe angandiuze, ndipo usiku ndi usana funso limenelo limandidya.

Felista sanandifunse chifukwa. Anandipempha chinthu chimodzi chokha. Anati ndipite ku Mtakataka ndikanene pamaso pa Damiyano ndi abale ake zimene ndinachita. Sikuti ankafuna mwamunayo abwerere, poti tinali titamva kale kuti anakwatira wina. Ankafuna dzina lake basi. Ankafuna kuti anthu amene anamutcha hule adziwe kuti sanali.

Ndinapita ndi malume ake. Ndinavala jekete la kutchalitchi. Anatilandira bwino, anatiyalira mphasa, abale anasonkhana, ena ongodutsa anaima atamva kuti kwabwera madala oseketsa aja a ku Golomoti. Ndinayamba kufotokoza mwaulemu, mutu uli pansi. Nditangofika pa thobwa, wina anaphulika. Pa kachidebe, amayi anagwirana. Ndinakweza mawu kuti abale, sindikucheza. Kusekako kunachita kuwirikiza. Mkulu wina anadzimenya pantchafu misozi ili mbwembwembwe, amvekere, “Madala awa sadzatha! Tabwerezani paja pa mafuta ophikira!” Ndinaimirira, ndinalumbira pa manda a mkazi wanga, ndinalira misozi yeniyeni, ine munthu wamkulu. Ankaona ngati ndi mbali ya sewerolo.

Damiyano yekha ndi amene sanaseke. Anadikira phokoso lithe n'kunena kuti, “Madala, chipatala chomwecho chinati mulibe, lero chikuti muli. Mboni yake ndinu, munthu amene mukati kwacha timayamba tasuzumira panja. Mwana ndi wanu, mungalephere kumupekera nkhani? Ndikhulupirire ziti?” Malume ake a Felista anati apite akafunse yekha kwa anamwino. Iye anati anapitako kokwanira, matako ake akudziwa. Anthu anasekanso. Anatiperekeza mwaulemu mpaka pamsewu, wina akundipempha kuti ndidzabwere paukwati wa mwana wake.

Ndiye ndili ndi mkwiyo, inu owerenga, ndipo sindikubisa. Ndakwiya ndi aNaphiri ndi gulu lawo, amene mpaka lero amati iwo anangopempha, wochita ndinali ine. Ndakwiya ndi amayi a pamjigo amene anaweruza mwana wanga matenda omwewo ali m'zitenje zawo. Ndakwiya ndi aliyense amene anandiombera m'manja zaka zonsezi mpaka ndinayamba kuona ngati chilichonse pansi pano chinalengedwa kuti ine ndiseketse nacho anthu. Koma mkwiyo wonsewo ukazungulira umabwerera pakhomo panga, chifukwa pansi pa mtengo uja panalibe aNaphiri. Ndinali ndekha.

Tsono mverani kuno, inu a m'midzi ngati wathu. Akabwera anamwino kapena wina aliyense wa zaumoyo ndi mafunso ake, ndi mabotolo ake, muli ndi njira ziwiri zoyenera munthu: kuvomera n'kunena zoona, kapena kukana pamaso pake. Kukana si mwano. Mwano ndi kumwetulira n'kupereka bodza. Musayankhire mnzanu, musamwere mnzanu mankhwala, musanene kuti mwachira pofuna kusangalatsa mlendo. Ngati mukuopa, funsani kuti zimenezi mukupita nazo kuti, ndipo mukatha muzitaya bwanji. Mankhwala amene mudzalandire mawa, ndi malangizo amene namwino adzapatse mdzukulu wanu, amachokera m'timabotolo timeneti. Ine ndinkaona ngati ndikupusitsa mayi mmodzi wa magalasi. Sindinadziwe kuti ndikuthira matope m'chitsime chimene tidzamwe tonse, ndipo woyamba kumwa adzakhala mwana wanga.

Nanunso anamwino ofufuza, musatengeke ndi nthungululu zathu. Khalani pansi ndi anthu paokha, mumve chimene akuopa. Chinthu chimene mukufuna kuyeza musachisiye m'manja mwa munthu chifukwa choti ndi wansangala. Ndipo zotsatira zikakoma mopitirira, bwererani mukaonenso, monga anachitira mayi uja. Akanakhala wofuna kungomaliza sukulu, bwenzi pano m'mabuku mwalembedwa kuti kwathu kulibe likodzo, ndipo anamwino ena akuphunzira za chikhodzodzo changa ngati nzeru.

Nditabwerako ku Mtakataka tsiku lija ndinapeza Felista atakhala pakhonde, akundidikira. Anandilandira jekete monga mwa ulemu wake. Kenaka anafunsa kuti, “Anamva?” Ndinati anaseka. Iye anati, “Nanga mumati atani, ababa? Munawaphunzitsa ndinu.”

Mpaka lero amandiphikira, amandichapira, amagwada pondipatsa madzi. Koma ndikangoti ndiyambe kankhani, amanyamuka n'kukapeza chochita kuseri. M'nyumba mwanga, mwa munthu amene ndaseketsa chigwa chonse, simunamvekenso kuseka.

N'chifukwa chake ndalemba m'malo monena, poti pepala lilibe nkhope yanga. Ngati mwaseka powerenga, palibe kanthu, ndakhululuka. Koma ndikupempheni chimodzi. Mukadzakwera minibasi n'kukhala pafupi ndi munthu wa ku Mtakataka, mudzamuuze kuti Felista sanayendepo ndi mwamuna wina, linali likodzo. Mudzanene inuyo, nkhope ili yoongoka. Inu mwina adzakukhulupirirani.